Galimoto Yosamwa Mafuta

Nditamaliza maphunziro a unamwino ananditumiza ku Balaka kukagwira ntchito ya sikelo yoyendera. Nthawi imeneyo Balaka inali isanakhale boma payokha, choncho dera lathu linali lalikulu zedi. Lolemba tinkapita m'midzi ya ku Rivirivi, komwe kunali pafupi. Lachitatu tinkawoloka Shire pa Liwonde n'kukafika kwa Mposa. Lachisanu linali tsiku la kwa Kawinga, ndipo kamodzi pamwezi tinkatsikira mpaka m'midzi ya asodzi kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Tinkanyamula sikelo yopachika mumtengo, makadi a ana, bokosi la katemera ndi chikwama changa cha uzamba. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, wochokera ku Ntcheu, ndipo Chiyao sindinkachimva n'komwe.

Pa ofesi yathu panali galimoto ziwiri, zonse zakale, zonse zazitali kumbuyo zonyamula anthu ndi katundu pamodzi. Tinkangozitchula ndi mitundu yake. Yoyera inali yopepuka, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Yobiriwira inali chigalimoto cholemera, chaphokoso, chokhala ndi kandodo kena pafupi ndi giya kamene ukakankha matayala onse anayi amayamba kukoka. Adalaivala ankati imeneyo ndiye folo wilo. Mipando yake inali yolimba, ndipo ndikatsika madzulo msana unkachita kuwawa. Ine ndinkakonda yoyera chifukwa inali yofewa ndiponso fumbi silinkalowa kwambiri.

Dalaivala analipo mmodzi yekha, bambo wachikulire wa Chisilamu wochokera ku Rivirivi komweko. Anali wamfupi, wa imvi m'ndevu, wosachotsa kachipewa koyera kumutu ngakhale akalowa pansi pa galimoto. Ine ndinkawatchula kuti atati, monga mmene ndinamvera amayi a ku sikelo akuwatchulira, ndipo iwo ankanditchula kuti asisitala ngakhale ndinali msinkhu wa mwana wawo. Anali atayendetsa malole a thonje zaka zambiri asanabwere kwathu. Ndiwonso ankandimasulira Chiyao pa sikelo, ndipo amayi akamandinena iwo ankangoseka osandiuza.

Tsiku lina tikuchokera kwa Mposa ndinawafunsa chifukwa chake ankakonda yobiriwira pomwe aliyense ankadandaula kuti imamwa mafuta.

"Kumwa imamwadi, sindikana," anatero. "Pansi pake pali zitsulo zambiri zimene yoyera ilibe. Zitsulo zimenezo imazinyamula ngakhale pa tala pomwe sizikugwira ntchito, ndiye imamwako kuposa inzake, koma osati kwambiri. Pomwe imamwa zenizeni ndi m'matope ndi mumchenga, ndikaika folo wilo ndi giya yaing'ono. Pamenepo mumachita kuona kamuvi ka mafuta kakutsika."

"Ndiye bwanji osangoyendera yoyera?"

"M'chilimwe tiziyendera, palibe vuto. Koma mvula ikagwa, asisitala, yoyera imaima pamalo amodzi matayala akuzungulira. Mafuta akupsa, inu muli pomwepo. Ameneyo munganene kuti wasunga mafuta?"

Zaka zimenezo nkhondo ya ku Mozambique inkasokoneza njanji, ndipo petulo ankasowa. Pomwetsera mafuta pa Balaka galimoto zinkandanda kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Koma munthu sunkanena kuti mafuta asowa. Unkati mafuta achedwa, kapena sanafike. Kunena kuti chinthu chasowa m'dziko kunali ngati kunyoza boma, ndipo sunkadziwa amene akumvetsera. Ngakhale kunyumba tinkalankhula motsitsa mawu, chitseko chili chotseka.

M'nyengo yomweyo kunabwera bwana watsopano woyang'anira ofesi. Anali munthu wophunzira, wovala tayi ngakhale m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndipo ankadziwana kwambiri ndi akuluakulu a chipani a m'deralo. Sindinganene kuti anali woipa mtima pa zonse. Nayenso ankafunsidwa ndi akumtunda chifukwa chake ofesi yaing'ono ngati yathu inkamaliza mafuta msanga, ndipo ankaopa. Anayamba kuima yekha pa mgolo wa petulo wa kuseri kwa ofesi pothira, n'kumapisa kandodo m'thanki galimoto ikabwera. Posakhalitsa anaona kuti ulendo wa kwa Kawinga pa yobiriwira unkatha mafuta pafupifupi kawiri poyerekeza ndi yoyera.

Adalaivala anafotokoza monga anandifotokozera ine, za mchenga wa m'mitsinje youma ndi zitunda za kwa Kawinga. Abwana sanakhutire. Anati ayese okha. Loweruka lina anadzadzitsa yobiriwira, n'kukhala kutsogolo, n'kuuza adalaivala kuti ayendetse mpaka pa mlatho wa Liwonde ndi kubwerera. Msewu wonsewo ndi wa tala, wosalala, ndipo folo wilo sinagwire ntchito ngakhale pang'ono. Atabwerako anapisa kandodo kaja n'kupeza kuti mafuta atsika pang'ono chabe, osasiyana kwenikweni ndi mmene yoyera inkamwera.

Lolemba lake ananditumira uthenga kuti ndilowe mu ofesi mwawo. Anandipatsa mpando n'kutseka chitseko.

"Asisitala, inu mumayenda nawo bambowa masiku onse. Munawaonapo akupopa mafuta m'galimoto?"

"Iyayi, bwana, sindinawaonepo."

"Mumakhala nawo nthawi yonse, kuchoka pano mpaka kubwera?"

Ndinaganiza kaye. Ndinkafuna kunena zoona zokhazokha, chifukwa ndinkaopa kuti ndikanama adzazidziwa. Ndinati, "Nthawi yonse, kupatula Lachisanu masana. Amandisiya kwa aphunzitsi ena kuti ndidye, iwo n'kukaimika galimoto pa mzikiti kukaswali."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Mwina ola limodzi."

"Ola limodzi," anabwereza motero, akugwedeza mutu. "Zikomo, mutha kupita."

Nditatuluka ndinawapeza adalaivala akutsuka mapulagi m'kachitini pansi pa mtengo wa mango. Anandiyang'ana n'kundipatsa moni monga mwa masiku onse. Ndinayankha n'kudutsa mofulumira. Mzikitiwo unali pafupi kwambiri ndi nyumba ya aphunzitsi aja moti ukanatha kuitana munthu n'kumva, ndipo galimotoyo inkaima poyera pomwe msika wonse unkaiona. Zimenezi sindinazinene, chifukwa abwana sanandifunse, ndipo ine sindinalimbe mtima kuwonjezera.

Sanawachotse ntchito, popeza panalibe umboni. Koma kuyambira tsiku limenelo abwana analamula kuti sikelo iziyendera yoyera, ndipo mafuta azithiridwa okwanira ulendo wopita ndi wobwera panjira yachidule, osapitirira. Yobiriwira inasungidwa. Inkatuluka ndi dalaivala wobwereka ku ofesi ina pakakhala msonkhano wa chipani, kunyamula amayi ovina kupita nawo ku Liwonde kapena ku boma, pa tala pokhapokha. Ofesi iliyonse inkayenera kupereka galimoto ikapemphedwa, ndipo panalibe wofunsa kuti mafuta ake achokera kuti.

Ndinawafunsa adalaivala ngati sakanatha kusiya ntchito n'kubwerera ku malole.

"Ndikasiya lero anena kuti ndathawa mlandu wa mafuta," anatero. "Ndikakana kuyendetsa yoyera anena kuti ndikukana ntchito ya boma. Mwana wanga wamkulu ali ku sekondale. Ndiyendetsa yomweyi, Inishala tiyenda."

Mpaka mwezi wa Novembala tinayendadi bwino. Yoyera inkathamanga, mafuta ankatsalako, ndipo abwana ankatilandira akumwetulira. Tsiku lina anandiuza pamaso pa adalaivala kuti, "Mwaona, asisitala? Galimoto ndi yomweyi, njira ndi yomweyi, mafuta akukwana." Adalaivala anangoyang'ana pansi.

Mvula inayamba. Kawiri konse tinatitimira ku Rivirivi, koma kunali kufupi ndi midzi ndipo anthu anatikankha. Mu Januwale tsiku la ku Chiuta litayandikira, adalaivala anavula chipewa, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo, n'kulowa mu ofesi kukapempha yobiriwira ya tsiku limodzi lokha. Ndinali pakhonde ndipo ndinamva zonse. Abwana anati yobiriwira yalonjezedwa kale, mawa lake inkanyamula amayi okayeserera magule. Adalaivala anapempha kuti awonjezereko galoni imodzi mu yoyera kuti tikathe kuzungulira njira yakumtunda ngati dambo ladzadza. Abwana anati, "Galoni imeneyo ikathera pa mzikiti." Adalaivala anatuluka, anavala chipewa chawo, ndipo sanandiyang'ane.

Tinanyamuka m'mawa kwambiri kumwamba kuli koyera. Titadutsa Ntaja tinasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira ka ngolo kotsetsereka kunka kunyanja. Pakati pa njirayo pali dambo lalitali la makande, dothi lakuda limene likauma limalimba ngati njerwa koma likanyowa limamata ngati ulimbo. M'mawawo linali louma pamwamba popeza mvula inali itapuma masiku anayi. Tinawoloka bwinobwino, ngakhale adalaivala njira yonse ankangoyang'ana mitambo ya kum'mawa.

Sikelo tinachitira pansi pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi pomwe asodzi ankayanikira matemba. Amayi analipo ambiri. Ndili mkati mobaya ana, kunabwera mayi wina wachikulire akuthamanga, n'kugwira adalaivala pamkono, akulankhula Chiyao mofulumira.

"Akuti mwana wawo wamkazi matenda anamuyamba dzana," anandiuza adalaivala. "Azamba a m'mudzi alephera. Mwamuna wake ali kunyanja."

Ndinasiya majekeseni n'kupita. Anali mtsikana wamng'ono kwa ine, mimba yake yachiwiri, atagona pamkeka m'kanyumba kamdima, milomo itauma. Nditamupima ndinapeza kuti mwana wakhalira matako m'malo mwa mutu, ndipo mtsikanayo anali atatheratu mphamvu. Mtima wa mwana unkamveka, koma patali. Ndinali ndisanabereketsepo mwana wokhala chonchi ndekha. Ndinawauza adalaivala kuti tiyenera kupita naye kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo.

Tinapinda mipando yakumbuyo, n'kuyala mkeka ndi zitenje, n'kumugoneka. Mayi ake anakhala kumutu, ine kumiyendo. Tikutseka chitseko, mvula inayamba kudontha, ndipo tisanatuluke m'mudzimo inali itasanduka chimvula chosaonetsa kutsogolo.

Pa mphambano adalaivala anaimitsa galimoto. Kumanja kunali njira yakumtunda, yamiyala, yozungulira kutali. Kumanzere kunali ya dambo. Anayang'ana kamuvi ka mafuta kwa kanthawi.

"Yakumtunda mafuta atithera tisanafike pa msewu waukulu, ndipo kumeneko kulibe midzi," anatero. "Ya dambo, ngati madzi sanalowe pansi, tidutsa. Munene ndinu, asisitala."

Mtsikanayo anabuula, ine n'kuti, "Yachidule, atati."

Analowa m'dambomo ndi liwiro, akupotoza chiwongolero uku ndi uku, galimoto ikutsetsereka chammbali. Tinadutsa theka. Kenako kumbuyo kunayamba kulemera, injini inalira kwambiri, matope akuulukira pa mawindo, ndipo tinaima. Anayesa kubwerera m'mbuyo, anayesa kutsogolo. Galimoto inkangonjenjemera n'kumatsikira pansi. Kachitatu anazimitsa injini.

"Bwanji mwazimitsa?" ndinakuwa. "Yesaninso!"

"Ndikapitiriza ndikumba dzenje, mafutanso atha. Tikatuluka pano tiyenda ndi chiyani?"

Anavula nsapato ndi chipewa n'kutuluka pamvula. Matope anawafika m'mawondo. Anatenga khasu limene ankasunga kumbuyo n'kuyamba kukumba kutsogolo kwa matayala. Anadula bango ndi nthambi za kanjedza n'kuponyera pansi pake. Anayesa jeke, koma jekeyo inangomira. Akalowa kuliza injini, matayala ankameza nthambi zija n'kuzilavulira kumbuyo. Matayala akutsogolo anali pamalo olimbirako, ndinawaona ndi maso anga, koma analibe mphamvu yokoka. Ankangodikira kukankhidwa ndi anzawo amene anali atamira mpaka chitsulo.

M'galimotomo munkatentha ngakhale kunja kunkagwa mvula. Mawindo anachita nthunzi. Tikatsegula, madzi ankalowa, tikatseka, tinkabanika. Kumbuyo kwathu kamtsinje kamene tinadutsa kali kouma kanali katadzadza, ndipo kutsogolo madzi anayamba kuyenda pamwamba pa udzu. Kulikonse komwe ndinkayang'ana kunali dambo lokhalokha, ndi mitengo ya migwalangwa patali.

Mvula itachepa, adalaivala anakwera pamwamba pa galimoto n'kuyamba kuitana. Anaitana nthawi yaitali. Kenako kunatulukira amuna asanu ndi mmodzi, asodzi ochokera kokagulitsa milamba youma, madengu ali pamutu. Sanafunse zambiri. Anatula madengu pa chulu n'kulowa m'matope. Anakankha, ananyamula mbali imodzi, anakankhanso akuimba kuti mphamvu zipite pamodzi. Galimoto inasuntha mwina mapazi atatu n'kukhalanso pansi, mimba yake itagona pamatope. Fungo la chinthu chopserera linalowa mkati, ndipo adalaivala anati kilatchi yayamba kupsa.

Nthawi imeneyo n'kuti mtsikana uja atayamba kukankha yekha, thupi likumukakamiza. Ndinaona kuti sitifika kulikonse mwana asanabadwe. Ndinawaitana adalaivala kuti andimasulire. Mwamuna saloledwa kukhala pamalo otere, ndiye anaima panja pa chitseko chakumbuyo atatifulatira, madzi akuwadutsa m'miyendo, n'kumanena m'Chiyao chilichonse chimene ndinkanena. Ndikati apume, iwo ankati apume. Ndikati akankhe, ankakweza mawu. Asodzi aja anapita kukaima kutali, nawonso atafulatira.

Miyendo inatuluka, thupi linatuluka, koma mutu unakanirira. Ndinachita zonse zimene anatiphunzitsa, ndikugwada m'kampata kopapatiza pakati pa bokosi la katemera ndi tayala la sipeya, mutu wanga ukugunda denga. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Atatuluka anali mwana wamwamuna, wamkulu bwino, wofooka ngati nsalu yonyowa. Ndinamupukuta, ndinamuyamwa m'kamwa ndi m'mphuno, ndinamuuzira mpweya, ndinamusisita pamsana. Ndinapitiriza mpaka mayi wachikulire uja anandigwira dzanja n'kunena mawu ochepa.

"Akuti basi, mwayesetsa," anatero adalaivala osatembenuka.

Mayiyo anavula mpango wake n'kumukulunga mwanayo. Sanalire mokweza. Mtsikanayo anafunsa kanthu kamodzi, mayi ake anamuyankha, ndipo anatembenuzira nkhope ku chitsulo cha galimoto.

Panalibe nthawi yokhala. Nsengwa itatuluka magazi sanaleke. Ndinamubaya jekeseni imodzi yokha yoletsa magazi imene ndinali nayo, n'kumasisita mimba, koma ankatayabe. Ndinawauza adalaivala kuti akakhala pano afa. Iwo analankhula ndi asodzi aja. Awiri anathamangira kokadula mitengo, ndipo anamanga machila ndi mkeka uja ndi chingwe chokokera galimoto. Mmodzi anavomera kuperekeza mayi wachikulire kubwerera kumudzi ndi kamtembo, kudzera kumtunda kwa kamtsinje komwe ankadziwa powolokera.

"Inu pitani nawo," anandiuza adalaivala. "Ine galimoto ya boma sindingaisiye. Ikasowa kanthu pano ndiye ndathera pomwepo."

Tinayenda wapansi m'madzi ndi m'matope, amuna anayi atanyamula, wachisanu akulandira wotopa. Nsapato zanga zinatsalira m'makande ndipo ndinapitiriza wopanda. Ndinkayenda pambali pa machila dzanja lili pamimba pa mtsikanayo, ndikumuitana kuti asagone, m'Chichewa chimene mwina sankachimva bwino. Tinafika pa msewu waukulu dzuwa litapendeka. Mwamwayi panadutsa lole yonyamula mpunga, ndipo woyendetsa wake ataona yunifolomu yanga, ngakhale inali yakuda ndi matope ndi magazi, anaima. Asodzi aja ndinalibe chowapatsa. Ndinangoti sikomo, liwu limodzi la Chiyao limene ndinkalidziwa bwino, iwo n'kubwerera kukatenga madengu awo.

Kuchipatala anamuika magazi ndipo anachira. Adokotala amene anamulandira anandifunsa kuti mwana anabadwa nthawi yanji ndipo tinanyamuka nthawi yanji kumudzi. Nditawauza anangoti, "Mukanafika," n'kusiyira pomwepo. Sindinawafunse kuti amalize. Mpaka lero sindidziwa ngati mwanayo akanakhala moyo tikanakhala pa yobiriwira. Mtima wake unali utafooka kale tisananyamuke. Mwinanso yobiriwirayo ikanatitimira, chifukwa makande amagwira ngakhale mathirakitala. Koma ndinawaona matayala akutsogolo aja ali polimba, ndipo zimenezo sizichoka m'maso mwanga.

Adalaivala anakhala m'dambomo masiku awiri, akudya chinangwa chimene anthu a m'mudzi ankawabweretsera. Tsiku lachitatu abwana anatumiza yobiriwira, itabwera kovina, ndi dalaivala wobwereka ku ofesi ina. Inakoka yoyera kamodzi kokha n'kuitulutsa.

Ine anandiuza kuti ndilembe lipoti. Ndinalemba zonse mwatsatanetsatane, kuphatikizapo kuti adalaivala anapempha yobiriwira n'kukanizidwa, ndiponso kuti mafuta sanatilole kudzera njira yakumtunda. Abwana anawerenga ali chiimire, n'kundibwezera pepalalo.

"Asisitala, mukuti yobiriwira inali kuti tsiku limenelo?"

"Inanyamula amayi ovina, bwana."

"Ndiye mukufuna kulemba kuti mwana wamwalira chifukwa galimoto inapita ku ntchito ya chipani? Mukudziwa amene awerenge pepala limeneli? Ine sindikuopsezani, ndikukuthandizani. Muli ndi makolo ku Ntcheu, si choncho?"

Ndinazindikira kuti mantha awo anali ofanana ndi anga. Ndinatenga pepala lina n'kulemba kuti kunagwa mvula yambiri, galimoto inatitimira, mayi anabereka panjira, mwana anabadwa wakufa. Mizere inayi. Ndinasaina.

Popeza kilatchi inapsa, panayenera kupezeka wolakwa. Kalata inabwera yonena kuti dalaivala anayendetsa mosasamala polowetsa galimoto m'dambo pomwe njira ina inalipo. Anawatsitsa pa udalaivala n'kuwapatsa ntchito yotsuka galimoto ndi kutchetcha udzu pa ofesi. Ndinapita kukawapeza kuseri akunola chikwakwa.

"Atati, njira ija ndinasankha ndine. Ndikanene."

"Mukanena atichotsa tonse awiri, ndipo sikelo ikhala yopanda munthu miyezi ingapo. Chiwongolero ndinagwira ndine. Zisiyeni."

Ndinkafunanso kuwauza za mzikiti, kuti mawu aja anachokera kwa ine. Koma sindinawauze. Ndikhulupirira ankadziwa, chifukwa panalibe wina amene akanawauza abwana. Sanandisinthire nkhope ngakhale tsiku limodzi. Anatchetcha udzu pa ofesiyo mpaka mwana wawo anamaliza sukulu, kenako anapempha kupuma n'kubwerera ku Rivirivi kukalima thonje.

Dalaivala watsopano anali wachinyamata, wochenjera. Mvula ikangogwa ankayendetsa mpaka pomwe tala wathera, n'kuyang'ana njira, n'kunena kuti sikudutsika, tibwerere. Mafuta ankatsala ambiri ndipo palibe amene ankadandaula. Chaka chimenecho midzi ya ku Chiuta inakhala osationa kuyambira Febuluwale mpaka Epulo. Titapitako mvula itatha tinapeza chikuku chitalowa, ndipo amayi ena amene ndinkawadziwa anabwera pa mkuyu paja opanda ana kumsana. Ndinalemba makalata atatu opempha kuti andisamutse, ndipo onse anayankhidwa kuti kulibe wondilowa m'malo. Kusiya sikunkatheka, chifukwa boma ndilo linandiphunzitsa ndipo ndinali ndisanakwanitse zaka zimene tinasainirana. Ndinakhala ku Balaka zaka zina zitatu.

Mtsikana uja ndinadzamuonanso m'chilimwe. Anabwera ku sikelo ndi mwana wake woyamba, wamkazi, wa zaka zitatu. Anali ataonda koma akuyenda bwino. Nditamaliza kulemba pa khadi sanachoke. Anakhala pa muzu wa mkuyu mpaka anthu onse atapita, kenako anandiyandikira n'kuyamba kulankhula, motsitsa, kwa nthawi yaitali, akundiyang'ana m'maso. Dalaivala watsopanoyo anali wa ku Dedza ndipo Chiyao sankachimva, amayi odziwa Chichewa anali atabalalika. Ndinkangogwedeza mutu. Sindinadziwe ngati ankandithokoza, ankandifunsa za mwana wake, kapena ankandiuza zina. Atamaliza anadikira yankho. Ndinamugwira dzanja, iye anadikirabe pang'ono, kenako anabereka mwana wake n'kumapita.